Masiku Atatu m'Kalasi Imodzi: Buku la Ellen White Powerengedwa ku Mangochi

Mphunzitsi amene atumizidwa kukagwira nchito m'masukulu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay kuzungulira mpaka ku Malindi ndi kwa Makanjira, sacedwa kuzindikira kuti ana ace sapembedza tsiku limodzi. Ambiri a iwo ndi ana a Asilamu, ndipo tsiku lao lalikuru ndi Lacisanu, pamene atate ao amapita ku mzikiti dzuwa liri pamutu. Ena ndi a Katolika, a Anglican ndi a CCAP, amene amamvera belu la Lamulungu m'mawa. Ndipo kawiri kawiri mupezekanso mwana amene kwao nchito yonse imaleka Lacisanu dzuwa likamalowa, kotero kuti atate ace sakwera bwato usiku umenewo, ngakhale anzao atayatsa nyali usipa utacuruka. Mwana wotereyu ndi wa mpingo wa Seventh-day Adventist. Iye amasunga Loweruka, ndipo anaphunzitsidwa kuti idzafika nthawi imene boma lidzakakamiza anthu onse kupembedza Lamulungu. Ciphunzitso cimeneci cafotokozedwa mokwanira m'buku limodzi lochuka, ndipo mphunzitsi acita bwino kulidziwa ndi kuliyesa, pakuti liri ndi zoona zina zimene ayenera kusunga, ndi zopereweza zina zimene ayenera kuziona.

Buku ndi mwini wace

Dzina la bukuli ndi The Great Controversy, ndiko kunena kuti mkangano waukuru. Analilemba ndi mai Ellen G. White wa ku America, amene anabadwa m'caka ca 1827 namwalira m'caka ca 1915. Iye anali mmodzi wa otsogolera mpingo wa Adventist, umene unakhazikitsidwa m'caka ca 1863 ndi otsala a gulu la William Miller. Gululo linayembekeza kubweranso kwa Kristu pa 22 October 1844, ndipo tsikulo litadutsa popanda kanthu ambiri anabalalika. Koma ena anagwiritsabe ciyembekezo cao, nayamba kusunga tsiku lacisanu ndi ciwiri monga mwa lamulo lacinai la Mose. Bukuli linayamba ngati kabuku kakang'ono m'caka ca 1858, linakuzidwa kwambiri m'caka ca 1888, ndipo linakonzedwanso m'caka ca 1911. Liri ndi mitu 42.

Nkhani yace iyambira pa kupasuka kwa Yerusalemu m'caka ca 70, nitsata mbiri ya anthu amene anazunzidwa cifukwa ca cikhulupiriro: Awaldensi a m'mapiri a ku Italy, John Wycliffe, Jan Hus amene anatenthedwa ku Constance m'caka ca 1415, ndi Martin Luther amene anaimirira pamaso pa mfumu ku Worms m'caka ca 1521. Itafika pa Miller, nkhaniyo ileka za kale niyamba kunena za m'tsogolo. Wolembayo ati Sabata la Mulungu linasinthidwa ndi anthu, ndipo achula lamulo la mfumu Constantine la m'caka ca 321, limene linauza anthu a m'mizinda kupumula pa tsiku la dzuwa. Pomasulira mutu 13 wa Cibvumbulutso, iye ati cirombo coyamba ndi ulamuliro wa Papa, caciwiri ndi dziko la America, ndipo cizindikiro ca cirombo cidzakhala kusunga Lamulungu pamene boma lidzakulamula ndi mphamvu. Okana adzaletsedwa kugula ndi kugulitsa, ndipo potsiriza adzaweruzidwa kuti aphedwe.

Mphamvu ya bukuli iri m'kakambidwe kace. Mutu ndi mutu, munthu mmodzi wopanda cida aimirira pamaso pa eni mphamvu, nafunsidwa kuti asiye cimene mtima wace ucikhulupirira, ndipo iye akana. Cithunzi cimeneci cibwerezedwa monga nyimbo ya m'kati mwa nthano, mpaka wowerenga afika pocidikira, ndipo pamene nkhani itembenukira ku zam'tsogolo iye adziona yekha ataima pamalo pomwepo. Ndiponso mantha a wolembayo sanali opanda maziko m'masiku ace. M'caka comweco ca 1888 Henry Blair anabweretsa ku nyumba ya malamulo ya America bilu yofuna kuti dziko lonse lipumule Lamulungu, ndipo m'zigawo za Arkansas ndi Tennessee a Adventist ena anamangidwa cifukwa cogwira nchito m'minda yao pa tsikulo. Biluyo sinakhale lamulo, koma amene anaona abale ao m'ndende sakanaiiwala.

Zopereweza zace ziri poyera. Mbiri yace yambiri inatengedwa kwa olemba Aciprotestanti monga Merle d'Aubigné ndi J. A. Wylie, amene analemba m'nthawi ya udani waukuru pakati pa mipingo, ndipo mau ace onena za Roma ndi owawa kotero kuti mphunzitsi sangawawerenge pamaso pa ana a Katolika popanda kuwapweteka. Dziko limene bukuli lidziwa ndi Ulaya ndi America. Afrika aonekamo pang'ono, pamene achula Akristu a ku Ethiopia amene anasunga Sabata. Ndipo Asilamu aonekamo makamaka m'nkhani ya ufumu wa Turkey wa m'caka ca 1840, osati ngati anthu opemphera, koma ngati cizindikiro ca nthawi.

Njira imene ciphunzitso cinadzera

Munthu mmodzi ndiye anatsegulira khomo ziphunzitso za Sabata ndi za cimariziro m'dziko lino, ndiye Joseph Booth, amene anafika m'caka ca 1892. Atayamba misyoni zingapo, iye analowa mpingo wa Seventh Day Baptist nakhazika misyoni ya Plainfield ku Thyolo. M'caka ca 1902 malowo anagulidwa ndi a Adventist, ndipo Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, anadza kudzawayang'anira. M'caka ca 1907 dzina linasinthidwa kukhala Malamulo, dzina limene lokha linena cimene mpingowo uyesa cacikuru.

Booth yemweyo ndiye anaphunzitsa Elliot Kamwana mabuku a Watch Tower ali ku South Africa. Kamwana atabwerera kwao ku Nkhata Bay m'caka ca 1908 anabatiza anthu zikwi zambiri m'miyezi yowerengeka, nalalikira kuti maufumu a dziko adzatha m'caka ca 1914. Boma la Azungu linamcotsa m'dziko m'caka ca 1909. Tsono osunga Sabata ndi a Watch Tower, ngakhale asiyana kwambiri pa ziphunzitso, analowa m'dziko lino ndi dzanja limodzi, ndipo onse awiri anayembekeza tsiku limene boma lidzafuna kwa iwo cimene ciri ca Mulungu yekha. Cimeneci ciyenera kukumbukika pofika ku zaka za 1967 ndi 1972.

Maina a masiku

Wophunzira cinenero apeza pano cinthu cimene wolemba bukuli sakanaciganizira. Mkangano wonse wa bukuli waima pa kuwerenga: tsiku lacisanu ndi ciwiri ndi liti? M'kawerengedwe ka Ayuda, kamene Baibulo litsata, yankho ndi Loweruka, ndipo Lamulungu ndi tsiku loyamba. Koma maina a masiku m'Cinyanja sanabadwe m'Baibulo. Anabadwa pa nchito ya aganyu ndi ya m'minda ya Azungu. Lolemba ndi tsiku limene anchito analembedwa maina, Loweruka ndi tsiku limene anaweruka. Pakati pa awiriwa pali Laciwiri, Lacitatu, Lacinai ndi Lacisanu. Mwana ali yense wodziwa kuwerenga ndi zala aona kuti ngati Lacisanu liri lacisanu, Loweruka liri lacisanu ndi cimodzi, ndipo Lamulungu ndilo lacisanu ndi ciwiri. Cinenero ceni ceni cioneka ngati citsutsa mlaliki wa Adventist iye asanatsegule pakamwa, ndipo iye ayenera kuyamba ndi kuphunzitsa anthu kawerengedwe kena.

Ku nyanja kuli kawerengedwe kacitatu. Ciswahili, cimene cinafika kwa Mponda ndi kwa Makanjira pamodzi ndi amalonda ndi mashehe a ku gombe la Indian Ocean, ciyesa Loweruka tsiku loyamba, Jumamosi, ndi Lamulungu laciwiri, Jumapili. Potero sabata itsirizika ndi Ijumaa, tsiku la msonkhano wa ku mzikiti. Ndipo amene aoloka malire pa Chiponde kupita ku Mandimba amva Cipwitikizi cikuchula Lolemba kuti segunda-feira, ndiko tsiku laciwiri, mogwirizana ndi Baibulo. Cotero m'boma limodzi la Mangochi, Lacisanu, Loweruka ndi Lamulungu, liri lonse likhala lotsiriza sabata monga mwa cinenero cina cimene cimveka kumeneko.

Liu lakuti sabata nalonso lasenza akatundu atatu. Litanthauza masiku asanu ndi awiri pamodzi, monga ponena kuti sabata yamawa. Kwa Akristu ambiri tsiku la Sabata ndi Lamulungu, pakuti amisyoni a ku Scotland ndi a Dutch Reformed anazolowera kulichula motero. Kwa wa Adventist tsiku la Sabata ndi Loweruka basi. Mphunzitsi amene auza ana kuti makolo adze ku msonkhano tsiku la Sabata adzaona ena akufika Loweruka, ena Lamulungu, ndipo onse adzakhala atamva bwino.

Izi sizithetsa mkangano wa ciphunzitso, pakuti wa Adventist ayankha molondola kuti maina a masiku sasintha masikuwo, ndi kuti Ayuda sanataye ciwerengo cao. Koma zionetsa kuti buku limene liyesa kuti munthu ali yense woona mtima adzaona tsiku loyenera mosabvuta, silinadziwe m'mene zinenero zipangira maganizo a anthu. Nkhalamba ya ku Malindi imene isunga Lamulungu ngati tsiku lacisanu ndi ciwiri siipandukira lamulo. Itsata cimene cinenero cace ciiuza.

Cimene cinacitika m'Malawi

Ulosi uyesedwa ndi mbiri, ndipo mbiri ya dziko lino iri ndi nkhani yofanana modabwitsa ndi cithunzi ca m'bukuli. M'nthawi ya cipani cimodzi, pansi pa Dr. H. Kamuzu Banda, munthu ali yense anayenera kugula khadi la Malawi Congress Party. Anyamata a cipani anaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi, ndipo wopanda khadi anabwezedwa. A Mboni za Yehova anakana kuligula, ponena kuti cikhulupiriro cao siciwalola kulowa cipani ca ndale. Boma linaletsa mpingo wao mu October 1967. M'caka ca 1972 msonkhano waukuru wa cipani unagwirizana kuti acotsedwe pa nchito ndi kupitikitsidwa m'midzi. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa ndi kuphedwa, akazi anacitidwa zamanyazi, ndipo zikwi makumi angapo zinathawira ku Sinda Misale m'Zambia ndi ku Mozambique. Atabwezedwa m'caka ca 1975, ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa. Ciletsoco cinacotsedwa pa 12 August 1993, patapita miyezi iwiri cicitikire referendamu ya pa 14 June.

Wowerenga bukuli sangalephere kuona kufanana kwace: cizindikiro conyamula m'dzanja, kuletsedwa kugula ndi kugulitsa, gulu laling'ono lochedwa oukira cifukwa cokana. Koma zina zonse zinasiyana. Boma silinafunse munthu tsiku limene apemphera. A Malamulo anapitiriza kusonkhana Loweruka, ndi Asilamu Lacisanu. Mphamvu yokakamizayo sinacokere ku Roma kapena ku America, koma kwa ana a m'mudzi momwemo. Ndipo amene anazunzidwa sanali osunga Sabata. Akuru anati cakudza siciimba ng'oma. Amene anachera khutu ku ng'oma imodzi yokha, ya lamulo la Lamulungu, akanatha kuona utsi pa nyumba ya mnansi wace nayesa kuti nthawi ya mayeso siinafike. Mipingo ikuluikuru nayonso sinanene zambiri poyera pa zaka zimenezo, kufikira kalata ya mabishopu a Katolika ya pa 8 March 1992, imene inadzudzula kupondereza kwa boma. Mpingo umene bukuli liuyesa mutu wa cizunzo ndiwo unayamba kulankhula m'dziko lino.

Wa Adventist adzati ulosiwo unena za nthawi imene ikali m'tsogolo, ndi kuti za khadi zinali mthunzi cabe. Nkhani ya cikhulupiriro yotere siiweruzidwa m'kalasi. Cimene cingaweruzidwe ndi kawerengedwe. Bukuli liri ndi ziphunzitso ziwiri zolukana: coyamba, kuti boma liribe ulamuliro pa cikumbumtima ca munthu, caciwiri, kuti kuyesedwa kwa cikumbumtima kudzafika pa tsiku lakuti, mwa njira yakuti. Coyambaco mbiri ya Malawi yacibvomereza ndi mwazi. Caciwirico, cikagwiridwa cokha, cicepetsa maso a wowerenga, kuti asaone cizunzo cobvala zobvala zina.

Ku Mangochi

Ku nyanja ya kumwera nkhani ya kukakamiza inayenda njira yacenso. Amisyoni a Livingstonia anakhazikika ku Cape Maclear m'caka ca 1875 nasamukira ku Bandawe m'caka ca 1881. A White Fathers anafika kwa Mponda m'caka ca 1889 nacoka m'caka ca 1891. A UMCA ndiwo anakhalitsa, kwa Mponda ndi ku Malindi. Mafumu a Ayao anali atayamba kale kutsata Cisilamu. Pa zaka zambiri za ulamuliro wa Azungu pafupi fupi masukulu onse anali a misyoni, ndipo makolo Acisilamu ambiri anakaniza ana ao kupitako poopa kuti adzabatizidwa ndi kusintha maina. Panalibe lamulo lokakamiza munthu kupembedza. Panali khomo limodzi lokha la maphunziro, ndipo pa khomopo panali mtanda. Cotsatira cace cinali cakuti dera lonse linatsalira m'maphunziro kwa mibadwo. Bukuli, limene lilira kwambiri cifukwa ca Awaldensi, liribe mau onena za mwana wotere, pakuti m'dziko lace ocepa ozunzidwa ndi Akristu nthawi zonse. Ku Mangochi Akristu ndiwo ocepa m'midzi yambiri, ndipo wosunga Loweruka ali wocepa pakati pa ocepa. Amene angampanikize si Papa, koma mwini bwato wofuna anchito Lacisanu usiku, kapena mphunzitsi woika mayeso Loweruka.

Malamulo akuru a dziko a m'caka ca 1994, m'gawo 33, apatsa munthu ali yense ufulu wa cikumbumtima, wa cipembedzo, wa cikhulupiriro ndi wa maganizo. Ndipo milandu imene yabuka pa ufulu umenewu kuyambira pamenepo yabukira kwambiri m'sukulu. M'caka ca 2021 atsogoleri a Cikristu ndi a Cisilamu, mothandizidwa ndi Public Affairs Committee, anasaina pangano lolola asungwana Acisilamu kubvala hijabu m'masukulu a mipingo othandizidwa ndi boma. M'caka ca 2023 bwalo lalikuru la milandu ku Zomba linaweruza kuti ana a Cirasta asakanizidwe sukulu za boma cifukwa ca tsitsi lao. Palibe umodzi wa milanduyi unakhudza Sabata, koma yonse inafunsa funso la Hus ndi Luther: kodi wamphamvu angauze munthu kuti asiye cikhulupiriro cace kuti alandire cimene anzace onse alandira?

Cimene mphunzitsi atengepo

The Great Controversy ndi buku la mpingo, lolembedwa kuti litembenuze, ndipo siliyenera kuphunzitsidwa kwa ana ngati mbiri yosatsutsika. Koma mphunzitsi amene aliwerenga adzamvetsa cifukwa cace mwana wa Adventist akana nchito ya Loweruka ndi mtima wouma cotero. Kwa mwanayo si nkhani ya ulesi kapena ya mwano. Iye anauzidwa kuti kugonja pa cacing'ono lero ndiko kuphunzira kugonja pa cacikuru mawa. Kumseka kapena kumlanga ndiko kumtsimikizira kuti zonse zimene anawerenga ziri zoona, ndi kuti mphunzitsi wace ali mbali ya ozunza.

Zocita zace siziri zobvuta. Polengeza za masiku mphunzitsi achule Loweruka ndi Lamulungu ndi maina ao, asiye liu lakuti Sabata limene ligawa ana. Poika maphunziro oonjezera, masewera kapena nchito ya m'munda wa sukulu, akumbuke masana a Lacisanu, Loweruka lonse ndi m'mawa wa Lamulungu, ndipo kumene sikutheka kupewa onse, akambirane ndi makolo kusanafike tsikulo. Pophunzitsa maina a masiku m'kalasi ya Cinyanja, angathe kulemba pa bolodi kawerengedwe ka Cinyanja, ka Ciswahili ndi ka m'Baibulo pamodzi, kuti ana aone okha kuti mnzao wosiyana nao sawerenga mopusa.

Ndipo kwa wophunzira uphunzitsi amene iye mwini ali wa Adventist, bukuli limpatsa nchito yoposa. Ngati akhulupirira kuti tsiku lina iye adzaletsedwa kugula ndi kugulitsa cifukwa ca cikumbumtima, ayenera kukhala woyamba kuima ndi msungwana wa hijabu, ndi mwana wa Mboni amene saimba nyimbo ya pfuko, ndi mnyamata wopempha kupita ku mzikiti. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Anthu amene anathawira ku Sinda Misale m'caka ca 1972 sanasunge Loweruka, koma cimene cinawathamangitsa ndi cimene comwe mai White anaopa, ndipo wowerenga amene sanacizindikire pamenepo sanalimvetse buku lace.